Dramu yamalaiti ikayamba kuvuta, yambirani pa waya osati pa module

Anzanga oyimba madramu muno mu Chipata, ndalemba izi chifukwa mafunso ake ndi amodzimodzi sabata ndi sabata ndipo chala changa chatopa kuyankha pa WhatsApp. Pa Chiwelu madzulo ma praise team akakumana kuyeserera nyimbo za pa Sondo foni imayamba, akulu snare yafa, akulu module yapsa, akulu ina tiipeza kuti. Ndikapalasa njinga kukafika ku Kapata olo ku Mchini ndimapeza module, kabokosi kaja kotulutsa mawu a dramu, ili bwinobwino, chavuta ndi ka waya kamene kanapindika kuseri kwa pad imene timamenya ija, kapena clamp, chomangira pad ku paipi, imene mnyamata wina wa mphamvu zake anaimanga ndi pulayala mpaka inang'aluka.

Ma kit ambiri amene tili nawo kuno, makamaka aja otsikirako mtengo, anapangidwira munthu mmodzi woyimba m'chipinda chake pa kapeti, kuimika kamodzi n'kuisiya pomwepo chaka chonse. Manje ife timaikweza pa Canter pamodzi ndi masipika ndi mabenchi, lero overnight ku Katete, sabata yamawa ukwati kumidzi ya ku Chadiza fumbi lokhalokha, ndiye pa tchalitchi pali oyimba anayi, wina wamtali wina wamfupi wina wamanzere, aliyense akakhala pampando amamasula n'kumanganso mwa iye yekha. Za mkati mwa module zimakhalitsa ndithu. Zimene zimatha msanga ndi pulasitiki, labala ndi waya, ndipo nthawi zambiri timazitha ndi manja athu omwewa.

Kuti zam'munsizi zimveke, mkati mwa pad mulibe zamatsenga. Muli ka chitsulo kopyapyala kozungulira ngati kobiri, pakati pake poyera, dzina lake piezo. Mukamenya, kamanjenjemera n'kutulutsa moto wochepa kwambiri, motowo umayenda pa waya kufika ku module, module ndiyo imasankha liwu. Ndiye pad ikakana, malo oyang'ana ndi anayi chabe: waya, bowo lolowetsamo waya, ma setting, ndi pad yeniyeniyo.

M'kachikwama ka oyimba musasowe izi:
- drum key, sikurudiraiva ya star ndi ma Allen key
- waya mmodzi wa spare amene mukudziwa kuti ndi wamoyo
- tepi yakuda, malegeni, ndi burashi ya penti youma yatsopano

PAD SIILIRA, KAPENA IMALIRA N'KUSIYA

Musanamasule kalikonse, sinthanitsani. Chotsani waya wa pad yakufayo, mulowetsemo waya wa pad yoyandikana nayo imene ikulira. Ikalira, olo ilire ndi liwu la inzake, pad ili moyo, vuto lili pa waya kapena ku module. Ikakhalabe duu, vuto lili mu pad. Ntchito ya mphindi imodzi iyi koma anthu amaidumpha n'kuthamangira kukauza adikoni kuti pafunika chopereka chapadera.

1. Waya wathyokera mkati. Ili ndiye vuto lalikulu kuposa onse. Amathyokera pakhosi pa jack, ka nsonga kolowa m'bowo kaja, pamene pamapindika, kunja osaoneka chilichonse. Wina azimenya pad inu muzigwedeza waya pang'onopang'ono kuyambira pa jack, liwu likamabwera n'kumapita mwampeza wakubayo. Ngati ndi waya woyima payekha sinthani basi. Ngati kit yanu ndi ija ya mawaya onse omangidwa mtolo umodzi, imene imalowa ku module ndi pulagi yaikulu ya mapini 25, aja okonza mawailesi ndi ma TV atha kudula jack yakaleyo n'kuwotcherera ina.

2. Jack sinalowe yonse. Ikankheni mpaka mumve kuti tswa. Pulagi yaikulu ya mapini 25 ija ili ndi timasikuluwu tiwiri m'mbali, timangeni ndi zala, ndipo muiunike ndi tochi ya foni muone ngati palibe pini yopindika. Pini imodzi ikagona ndiye pad imodzi yagonanso.

3. Waya ndi wolakwika. Izi zimachitika pamene pakati pakulira koma rim ya snare, m'mphepete muja, siilira, kapena cymbal siikuleka mukaigwira. Yang'anani nsonga ya jack, ya timizere tiwiri takuda ndi TRS, ya kamzere kamodzi ndi ija ya gitala. Pad ya mbali ziwiri imafuna TRS. Zonse ndi zazikulu mofanana, 6.35 mm, nchifukwa chake a gitala akabwereka waya wanu n'kukubwezerani wawo simuzindikira.

4. Fumbi m'bowo. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa fumbi la kuno limalowa paliponse. Zimitsani module, pukutani jack ndi kansalu konyowetsa ndi sipiriti, ilowetseni n'kuitulutsa kangapo. Mafuta ayi, amangoitana fumbi lina.

5. Wina anaseweretsa ma setting. Ana a Sande sukulu ndi mabatani mukudziwa kale. Onani volume ya pad imeneyo, sensitivity, threshold ndi pad type. Threshold ikakwera kwambiri pad imangomva mukaimenya ngati mukuwaza nkhuni. Factory reset ikhale yomalizira chifukwa imafufuta mawu ndi ma setting onse amene munakonza mu module.

6. Piezo yamatuka kapena kawaya kake kaduka. Imagwiridwa ndi tepi yomata mbali zonse, ndipo kutentha kwa mu Okutobala, makamaka kit ikasiyidwa m'motoka yotseka kapena padzuwa kudikira ukwati umene sukuyamba, kumafewetsa zomatirazo. Gwedezani pad pafupi ndi khutu, mukamva kanthu kakugubuduka mkati ndi zimenezo.

Ngati ndi pa Sondo m'mawa ndipo anthu ayamba kale kulowa, ma module ambiri ali ndi bowo lapadera kumbuyo lolembedwa Crash 2, Tom 4 kapena Aux. Lowetsani pad pamenepo ndi waya wa spare, musinthe liwu lake likhale limene mukufuna, mapemphero apitirire.

Apa lekani: ngati pad yamoyo ndi waya wamoyo sizikulirabe pa bowo limodzi la module, vuto lili pa board mkati, limenelo si la pa guwa. Komanso kuwotcherera pa piezo musaphunzirire pa snare ya tchalitchi, poyera paja pakatentha kwambiri pamasupuka ndipo yatha.

MWAMENYA KAMODZI YALIRA KAWIRI, KAPENA TOM IKULIRA YOKHA

Ili ndi limene limachititsa manyazi, nthawi ya worship nyimbo ili phee inu mwagunda crash pang'ono chabe tom nayo n'kuyankha. Kunjenjemera kumayenda m'mapaipi a rack, chimango chonyamula ma pad onse, kuchoka pa pad ina kukafika pa inzake.

1. Mesh, neti ija ya pamwamba pa pad imene timamenya, yakhwefuka. Dinani ndi chala pakati, ikamalowa ngati matiresi akale imangeni. Mangani ndi drum key pang'onopang'ono modumphadumpha, bauti iyi kenako yoyang'anana nayo, osati kuzungulira motsatana, kuti ikoke mofanana mbali zonse. Ambiri amaganiza kuti mesh safunika kuimanga poti liwu limachokera mu module, zoona liwu silisintha, koma mesh yokhwefuka imasiya ndodo kuti izikafika pa ka siponji kosongoka kali pansi pake, ndipo siponjiyo ikaphwanyika pad imayamba kupenga. Mesh imeneyi a Roland anabwera nayo mu 1997 pa V-Drums zawo zoyamba kuti manja asamapweteke ngati pa labala yolimba, koma imafuna kuisamala ngati chikumba cha ng'oma.

2. Clamp kapena mkono wa cymbal wagwedera. Gwirani chilichonse ndi dzanja wina akumenya, pamene vuto laleka mutagwira mpamene pali pokhwefuka.

3. Ma pad akukhudzana, kapena pad yatsamira paipi. Siyani mpata wolowa chala.

4. Sipika ili pafupi. Bass bin ikakhala pa thabwa limodzi ndi dramu, makamaka pa steji ya matabwa ya pa crusade, ma pad amamva bass gitala n'kumalira okha. Sunthani sipika, yalani kapeti.

5. Ma setting. Kwezani threshold pang'ono chabe, kenako crosstalk yoletsa pad kumva kunjenjemera kwa inzake, kenako retrigger cancel kapena mask time yoletsa kulira kawiri, malinga ndi mmene module yanu imatchulira. Sinthani chimodzi, yesani, lembani nambala yakale papepala. Mukakweza zonse pamodzi ma roll anu ayamba kudumpha ndipo simudziwa kuti chalakwa ndi chiti.

6. Siponji yatha. Chizindikiro chake pakati pamalira mokweza kwambiri koma m'mbali simumveka, kapena mukachotsa mesh mukupeza yaphwatalala olo ikuyoyoka. Siponji ya matiresi ndinayesapo, imagwira sabata ziwiri n'kuyambanso. Itanitsani yeniyeni.

Ndikambeko pang'ono za kamenyedwe. Anzathu ambiri anaphunzirira pa dramu wamba pamene mphamvu ndiyo volume, ndiye akakhala pa yamalaiti n'kusadzimva amawonjezera mkono. Pad ili ndi malire, mukafika pamenepo olo mumenye bwanji liwu silikweranso, mukungoipha. Akuluakulu anati ng'oma yolirisa sichedwa kung'ambika, koma iyi imang'ambika isanalire nkomwe. Mpatseni woyimba ma headphone kapena ka monitor kake pafupi, muona mkono ukutsika wokha. Ndipo mesh ikabooka musadule neti ya udzudzu, ndi yofewa kwambiri siitha olo nyimbo ziwiri, isiyeni igwire ntchito yake pa bedi.

RACK IKUGWEDERA, MA TOM AKUWERAMA, CLAMP YANG'ALUKA

Pano mpamene kit yotchipa imasiyanirana ndi yodula, osati pa mawu kwenikweni. Mukamagula ya salaula musamangomvera ma demo a mu module, gwadani muyang'ane clamp iliyonse ndi tochi, ming'alu imayambira pafupi ndi bauti ngati ka tsitsi koyera.

1. Kumangitsa. Ma clamp ambiri ndi apulasitiki okhala ndi nati yachitsulo mkati. Tom ikawerama munthu amamanga, ikaweramanso amamangitsa, tsiku lachitatu amabwera ndi pulayala, pulasitiki imang'aluka kapena nati imayamba kuzungulira m'malo mwake. Mangani ndi dzanja mpaka igwire, pamenepo lekani.

2. Kupotokola pad osamasula. Munthu akufuna tom itsike pang'ono amangoikankha ndi mphamvu clamp ili chimangire, timano ta mkati timadyeka ndipo siidzagwiranso. Masulani, sunthani, mangani.

3. Paipi ndi yoterera. Apa mpamene malegeni amatipulumutsa, ndipo mu Chipata tauni ya njinga chubu chakutha sichisowa, aliyense wokonza njinga pansi pa mtengo akupatsani. Dulani kachidutswa kopyapyala, kulungani paipi kamodzi chabe, bwezerani clamp pamwamba pake. Imagwira popanda kumangitsa ndipo imachepetsako kunjenjemera kuja takamba pamwambapa. Pansi pa clamp yonyamula zolemera mutha kuikapo ka clip kaja amakanika amamangira paipi ya radiator, kuti isatsetsereke.

4. Miyendo sinaime bwino. Mapiko a rack mukawatambasula kwambiri imagwera kutsogolo. Apindeni akuzungulireni, ndipo onani ngati timalabala ta kumapazi tilipo tonse, timatayika kwambiri pa motoka.

5. Ma thread adyeka kapena dzimbiri. Tengani bauti yakaleyo mupite nayo ku hardware ku Down Shops mukayerekeze, osangoganizira saizi, bauti yolakwika imadya nati yonse.

Kuti oyimba anayi aja asamamasule tsiku ndi tsiku, gwirizanani kaimidwe kamodzi, ikani tepi pa paipi pamene clamp iliyonse imakhala. Wamfupi asinthe mpando osati dramu. Ponyamula chotsani module, ma cymbal ndi snare muzikulunge m'bulangete, rack ipindeni, ikwere pomaliza pamwamba pa katundu, osati pansi pa sipika, ndipo pasakhale wa kwaya woikhalira.

Apa lekani: clamp yong'aluka musaimate ndi super glue n'kupachikapo module, idzagwa tsiku la chikondwerero. Ichotseni muipatse ntchito yopepuka kapena mugule ina. Paipi yothyoka musathamangire nayo kwa owotcherera mageti musanadziwe kuti ndi chitsulo chanji, ma rack ena ndi aluminiyamu ndipo ena ndi opyapyala moti makina a geti amangoboola. Yesani ndi maginito, ikapanda kumata si chitsulo wamba.

KICK IKUTHAWA, IKUDUMPHA, KAPENA YABOOKA

1. Pansi poterera. Simenti yopaka kobra kapena matailosi, amai a chigwirizano akolopa mpaka kuwala, ndiye kick imayenda pang'onopang'ono mpaka pofika pa chorus mwendo wanu watambasuka ngati mukukwera njinga ya abambo anu. Kapeti ikhale yaikulu moti mpando wanu ukhaleponso, kulemera kwanu ndi kumene kumaigwira. Tulutsani timisomali ta pansi pa kick tilume kapeti. Mwala kapena njerwa kutsogolo imathandiza tsiku limodzi koma imaphwanya jack.

2. Pedulo sinalume bwino chitsulo cha kick pad. Mangani ka bauti ka pansi, muone kuti beater, chomenyera cha pa pedulo, ikumenya pakati.

3. Beater yaubweya pa mesh. Mbali yoyera yofewa ija imakhula mesh ngati sandpaper mpaka kuboola. Tembenuzani imenye ndi mbali ya pulasitiki, ndipo matani patch pamene imamenyapo isanabooke, osati itabooka.

4. Kukanikiza beater osaibweza. Mukaisiya itatsamira pad imanjenjemera n'kulira kawiri. Isiyeni ibwerere, kapena kwezani mask time ya kick yokha.

5. Sipuling'i ndi tcheni. Kulira kwiikwii ndi kuuma chabe, girizi wa njinga pang'ono pa tcheni ndi pa hinji, pukutani wotsala kuti asafike pa labala. Sipuling'i ikatanuka sinthani, ndi yofanana ndi ya mapedulo a dramu wamba.

Kick ndiyo imalandira nkhonya kuposa pad ina iliyonse, ndiye piezo yake imayamba kufa. Mukasinthanitsa waya n'kupeza kuti ndi pad, pitani nayo kwa mmisiri.

HI-HAT SIITSEKA KAPENA SIITSEKUKA

1. Mawaya asinthana. Hi-hat ili ndi awiri, wa pad ndi wa pedulo, wolembedwa HH Control kapena HHC. Pomanga mothamanga usiku amasinthana kawirikawiri. Kulungani tepi ya mtundu wina pa mmodzi.

2. Munayatsa module phazi lili pa pedulo. Ma module ena amayeza pedulo nthawi imene akuyaka. Zimitsani, chotsani phazi, yatsaninso, ndipo ngati muli calibration, yoyezera pedulo, mu menu ichiteni.

3. Pansi pa pedulo pali kanthu. Kamwala, waya, m'mphepete mwa kapeti. Tsiku lina ndinapezamo chitsekerero cha botolo ndipo tinali titakambirana kale zogula pedulo ina.

4. Ka labala ka mkati kauma. M'mapedulo ambiri muli ka labala kamene kamakanikiza ka pepala ka pulasitiki kopyapyala, kakakalamba kamalimba ndiye mpaka muimirire pa pedulo kuti itseke. Mukatsegula jambulani ndi foni musanachotse kalikonse, pukutani fumbi ndi burashi youma, pepalalo musalikande kapena kulipinda. Parafini ndi Vaseline zimaononga labala, musapakepo. Chenicheni ndi kusintha ka labalako.

Pepala lija likang'ambika kapena mizere yake ikafufutika palibe chokonza panyumba.

CYMBAL IKUZUNGULIRA, YANG'AMBIKA, CHOKE SIGWIRA

Izi ndidutsapo msanga. Pansi pa cymbal pamakhala ka chitsulo kapena ka pulasitiki koiletsa kuzungulira, kakatayika cymbal imatembenuka, inu n'kumamenya mbali yopanda sensa, uku waya akukulungika pa mkono mpaka kuduka. Kabwezereni, ndipo waya musamukoke kuti nga, msiyeni alendewere pang'ono kuti cymbal ikamavina asakokeke. Nati ya pamwamba musamangitse, cymbal yosagwedera ndi imene imang'ambika. Ipendekeni iyang'ane kwa inu kuti ndodo izigwera pamwamba osati kudula m'mphepete ngati nkhwangwa. Ndodo zolimbalimba zong'aluka, zija zatsala ku dramu wamba, zimacheka labala ndi mesh yomwe, khalani ndi ndodo za kit iyi yokha. Choke, kuja kugwira cymbal kuti ileke kulira, ikakana yambani ndi waya wa TRS uja, kenako yesani kugwira malo osiyanasiyana m'mphepete, ikamagwira pena n'kukana pena ndiye switch ya mkati yatha, ndipo kusenda labala ya cymbal kuti muifikire nthawi zambiri siibwereranso mmene inalili.

MODULE SIIYAKA, IKUZIMA YOKHA, KAPENA IKULIRA HUUU

1. Auto Off. Musaseke, anandiitanirapo kawiri. Ma module ambiri amazima okha akakhala osamenyedwa kwa kanthawi, kawirikawiri mphindi 30, manje abusa athu akagwira maiki mphindi 30 ndi moni chabe, pofika nthawi ya altar call woyimba akumenya dramu ili zii, mpingo wonse kutembenuka. Lowani mu menu muizimitse Auto Off imeneyo.

2. Waya wa adaputa. Ndi woonda, amapondedwa ndi mpando, amakokedwa ndi odutsa, amathyokera potulukira pa adaputa kapena pa nsonga. Ngati module ili ndi ka mbedza kokolekapo waya kasewenzetseni, ngati ilibe mangirirani waya ku rack ndi tepi kuti wopunthwa akoke rack osati bowo la module. Makoswe nawonso amaukonda, makamaka m'matchalitchi amene amasungiramo chimanga cha masika.

3. Extension ndi soketi. Yesani kutchajirapo foni. Ma extension otchipa amakhwefuka mkati, bass ikagunda amadula moto kwa kamphindi ndipo module imayambiranso.

4. Adaputa yobwereka. Apa ndikhalapo pang'ono chifukwa ndi pamene ma module amaferadi. Adaputa ikasowa anthu amatenga ya keyboard poti nsonga ikulowa. Kulowa si kugwirizana. Ma module ambiri a Roland amadya 9V ndipo pakati pa nsonga ndi minus, pamene adaputa ya Yamaha ngati PA-130 ya ma keyboard ang'onoang'ono ndi 12V ndipo pakati ndi plus, ndiye mwalakwitsa kawiri nthawi imodzi. Werengani zolembedwa pafupi ndi bowo la module ndi pa adaputa: ma volt afanane ndendende, ka chithunzi ka plus ndi minus kafanane, ma mA a adaputa akhale ofanana kapena ochulukirapo. Ngati kit inachokera kwa achibale kapena abwenzi a mpingo ku America onaninso mzere wa input, kuno malaiti ndi 230V, ikalembedwa 100-240V ili bwino, ikalembedwa 120V chabe musailowetse, ipsa nthawi yomweyo.

5. Jenereta ndi kubwera kwa malaiti. Chilala cha 2024 chitatsitsa madzi ku Kariba matchalitchi ambiri anazolowera jenereta ndi inverter, ndipo ineyo adaputa yanga yoyamba inapsera pa jenereta yobwereka pa overnight, mafuta akutha inayamba kutsokomola, magetsi kuwala n'kuzilala, kenako kafungo. Chakudza sichiyimba ng'oma, ndiye zolowerani izi:
- lizani jenereta, idikireni ikhazikike, kenako lowetsani zida
- ikayamba kutsokomola zulani pulagi musanathamangire mafuta
- malaiti akapita zulani, akabwera dikirani pang'ono
- module ikhale pa surge protector, osati pa waya umodzi ndi ma amp akuluakulu
- poyatsa yambani module masipika pomaliza, pozimitsa yambani masipika

6. Huuu mu sipika. Mvetserani pa ma headphone, ngati muli phee ndiye module ilibe mlandu. Kawirikawiri ndi waya wautali wopita ku mixer, wogona pamodzi ndi mawaya a malaiti, kapena module ndi mixer zili pa masoketi osiyana. Patulani mawaya, sewenzetsani DI box, kabokosi koika pakati pa module ndi mixer, ngati mtunda ndi wautali, ndipo pewani kulumikiza module molunjika ku bowo la maiki pamene 48V, moto umene mixer imapatsa maiki ena, yayatsidwa.

7. Mabatani akukakamira kapena akudzidina okha. Fumbi, chinyezi cha nthawi ya dzinja, thukuta, ndi mphemvu zimene zimakonda kufunda kwa mkatimo. Mukamaliza kuyimba fundikani kit yonse ndi chitenje, module ndi adaputa zikagone kunyumba kapena mu kabati youma, ndipo yang'anani kumwamba muone ngati lata la pamwamba pa dramu silidontha mvula isanayambe mu Novembala.

Izi zikachitika zulani pulagi ndipo musayesenso kuyatsa kuti muone ngati yachira:
- fungo la kupsa, utsi, kapena adaputa yotupa olo yotentha yosagwirika
- madzi, tiyi kapena maheu alowa mu module, iumitseni kaye masiku angapo pamthunzi ndipo aione mmisiri isanalandire moto
- bowo la adaputa likugwedera kapena lalowa mkati
- screen ikuyaka koma ili mbee, kapena module ikungoyambiranso ndi adaputa yoyenera
- mukagwira jack kapena maiki ikukulumani, ili si vuto la dramu, ndi earth ya nyumbayo kapena ya jenereta ndipo lingaphe munthu, itanani wa zamalaiti wodziwa ntchito yake, ndipo zolowetsa mawaya osenda mu soketi n'kutsekera ndi timitengo ta machesi zilekeke

Adaputa musaitsegule, mkati mumatsala moto olo mutaizula. Ngati kit ikadali pa warranty musamasule sikuluwu iliyonse ya module, lankhulani ndi amene anakugulitsani kaye. Ndipo posankha mmisiri funsani ngati anagwirapo ma keyboard ndi ma mixer, wa mafoni ndi ntchito ina. Ikafuna kupita ku Lusaka pa basi, chotsani module yokha pa rack, lembani papepala dzina la model ndi zonse zimene mwayesa kale, jambulani kavidiyo kosonyeza vutolo, muikulunge m'thaulo ndi kuiika m'katoni kuti ikwere ndi munthu pamiyendo osati mu buti pansi pa matumba a nshawa. Adaputa imene mumasewenzetsa ipite nayo limodzi, olo ikhale yobwereka ija ya keyboard, mmisiri afunika aione.